Mphika Woyimba wa a Kuramochi

A Kuramochi ndinayamba kuwaona Lachitatu lina m'mawa, pamalo otayira zinyalala kuseri kwa nyumba yathu ya nsanjika zisanu. Linali tsiku lotaya zipangizo zamagetsi zing'onozing'ono, ndipo ine ndinatsika ndi nsimbi yakufa m'manja. Ndinapeza agogo ena aafupi, ovala epuloni ndi nsapato zamphira, atanjuta pafupi ndi mphika wamagetsi wophikira mpunga umene wina anataya. Anatsegula chivundikiro, n'kulowetsamo mphuno, n'kununkhiza ngati munthu wogula nsomba.

Ndinafuna kusiya nsimbiyo mwakachetechete n'kubwerera. Kuyambira ndili mtsikana, ndimachita manyazi ndi anthu osawadziwa. Koma iwo analankhula osatembenuka n'komwe.

"Uwu ndi wa a Shimoda, a m'chipinda 402. Ndinawagulitsa ndine."

"Eya," ndinayankha.

"Mwangobwera kumene inu, eti? Ndiye simukudziwa. Anawapeza atafa kale, patatha masabata atatu. Pamene chitseko chimathyoledwa, kanyale ka mphikawu kanali kakuyakabe. Unali ukufunditsabe mpunga, kudikira mwini wake adzadye." Anapukuta chivundikirocho ndi epuloni yawo. "Mphika wabwino. Sunalakwe kanthu."

Nditafika m'chipinda changa m'pamene ndinaona kuti nsimbi ija ndabwerera nayo.

Amuna anga, a Noboru, anali atamwalira miyezi inayi m'mbuyomo. Nyumba imene tinkakhala inali ya kuntchito kwawo, choncho ndinasamukira kuno. Mwana wathu amagwira ntchito ku Nagoya ndipo amabwera pa Chaka Chatsopano. M'nyumba ino ambiri ndife okalamba okhala tokha. Tikakumana pamasitepe timaweramitsa mutu, kenako aliyense amatseka chitseko chake chachitsulo. Kuyambira tsiku limenelo, imfa yeniyeniyo sindinkaiopa kwenikweni. Ndinkaopa masabata atatu aja. Ndinkaopa kudzakhala fungo limene anthu a pansi akukadandaula ku ofesi.

Patapita masiku awiri belu la pakhomo langa linalira, kulira kosalekeza. Anali agogo aja. Zinapezeka kuti chipinda chawo ndi 305, changa 306.

"Pepani kukulowererani," anatero, nsapato atavula kale. "Mpunga wanu ukununkha dzana. Ndaupirira sabata yonse, lero ndalephera."

Analunjika kukhitchini ngati kwawo, n'kuima pamaso pa mphika wanga, manja m'chiuno.

"Makapu khumi! Mukudyetsa timu ya mpira?"

"Tinagula mwana wathu ali kusekondale."

"Mwanayo ali kuti?"

"Ku Nagoya."

"Bambo ake?"

Ndinaloza kakabati ka omwalira pakona, pamene pali chithunzi cha a Noboru. Anapita kukagwada, anagwirizanitsa manja n'kuweramitsa mutu. Kenako anasuzumira m'kambale ka mpunga kamene ndinaika pamenepo m'mawa.

"Ndiye mukuwapatsa wachikasu uwu? Munthu anafa kale, mukufuna afe kawiri?"

Ndinaseka mosayembekezera, koyamba chiikireni maliro. Anandifotokozera zimene ndinkachita molakwa ngati akuwerenga pakhoma. Kapu imodzi ya mpunga mumphika waukulu imayalana pansi n'kuuma. Pozindikira zimenezo ndinkaphika wambiri, n'kuusiya ukufunda masiku atatu mpaka kusanduka wachikasu. Zonse zinali zoona.

"Dzina lanu ndani?"

"Shizue."

"Chabwino, Shizu-chan. Mawa basi ya teni koloko. Uvale nsapato zoyendera."

Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu, ndipo palibe amene ananditchulapo choncho chimwalirireni mayi anga.

Mbiri yawo ndinaimva m'basi, ndipo anthu onse a m'basimo anaimva nawo. Anabadwira kumapiri, kwa alimi a mpunga. Ali kamtsikana ankadzutsidwa kusanache kuti akoleze nkhuni pansi pa mphika wachitsulo ndi kukhala pamenepo kuyang'anira moto, chifukwa mpunga ukapserera tsiku lonse linkaipa. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anawatumiza m'tauni, kusitolo ya zamagetsi ya wachibale. Inali nthawi imene miphika yodzizimitsa yokha inkangofika kumene. Ankamanga umodzi kumbuyo kwa njinga, n'kuyenda mudzi ndi mudzi kukaphika pamaso pa amayi.

"Akazi achichepere ankauyang'ana ngati akuona mwana wawo wotayika," anatero. "Koma apongozi awo! 'Mkazi amene mpunga wake umapsa iye akugona, ndi mkazi ameneyo?' Ine sindinkatsutsa. Ndinkangowapakulira m'mbale. Pakamwa podzaza sipanyoza."

Anakwatiwa ndi a Tokuji, amene ankakonza zowonongeka m'sitolo momwemo. Sanakhale ndi ana. Anagulitsa miphika zaka makumi asanu, mpaka masitolo akuluakulu a kumsewu waukulu atatseketsa kasitolo kawo. A Tokuji anamwalira chaka chotsatira. Ankati m'nyumba yathuyi theka la zitseko ankadziwa mphika umene uli kuseri kwake, ndipo ankadziwanso miphika ingati imene yatsika masitepe eni ake atatsogola.

M'sitolo yaikulu ija miphika inali m'mizere iwiri yaitali, yonse yonyezimira. Ndikanakhala ndekha ndikanaloza woyamba n'kuthawa. Bambo wina wa tayi anatiyandikira, anawerama, n'kuyamba kutitsogolera kumapeto kwa mzere kumene kunali yakuda, yolemera.

"Okondedwa makasitomala, uwu ndi watsopano. Uli ndi njira makumi anayi zophikira."

"Makumi anayi?" anatero a Kuramochi. "Achimwene, inu kwanu mumadina mabatani angati?"

Bamboyo anakanda kukhosi. "Limodzi."

"Ndiye pumulani kaye. Tikakufunani tikuitanani."

Anandikoka dzanja n'kuyambira koyambirira kwa mzere, akugogoda mphika uliwonse ndi chala.

"Uwu wa batani limodzi. Madzi akatha batani limadumpha, basi. Suwonongeka msanga, koma sudziwa kanthu. Ndi wa ana asukulu amene amadya ataimirira. Uwu uli ndi kaubongo m'kati. Umatenthetsa kuchokera pansi, koma umadziwa pokweza moto ndi potsitsa. Pa makapu awiri kapena atatu sungausiyanitse ndi aakuluwa. Awa a maginito amatenthetsa poto yense wam'kati, pansi ndi m'mbali momwe. Ukamaphikira anthu asanu, kusiyana kwake umakumva m'kamwa. Uli ndi anthu asanu iwe?"

"Ayi."

"Ndiye tiye. Awa opanikiza nthunzi amatulutsa mpunga wofewa, womata bwino, ngakhale wosapuntha uja umagonja. Koma tizidutswa totsuka n'tambiri, ndipo tsiku limene wachita ulesi mphika umakubwezera. A gasi awo ndi moto weniweni, mpunga wake ulibe mnzake. Koma nkhalamba sindinkaigulitsa wa gasi. Ifeyo timaiwala."

Kenako anatulutsa poto wam'kati wa mphika wakuda uja n'kundipatsa.

"Nyamula ndi dzanja limodzi. Tsopano ganiza kuti muli madzi ndi mpunga, ndipo iweyo uli ndi zaka makumi asanu ndi atatu. Mkono ukuti chiyani?"

Mkono unali ukunjenjemera kale.

"Mphika sugula wa lero, umagula wa mkono umene udzakhale nawo. Vula magalasi. Mizere ya madziyi ukuiona? Ayi? Usiye. Chivundikiro cham'kati chikuchoka kuti uchitsuke? Yesa wekha, usamufunse wa tayiyo."

Tinatsala ndi miphika itatu ing'onoing'ono ya makapu atatu, yonse ya kaubongo, yonse yotheka kuitchera nthawi. Ine ndinkaona ngati ndi yofanana. Apo m'pamene anamuitana bambo uja.

"Ilumikizeni kumagetsi. Ndikufuna ndimve mmene imayimbira mpunga ukapsa."

"Musadandaule, amayi," anatero iye monyadira. "Yamakonoyi ndi yofatsa. Uwu mukhoza kuuzimitsiratu mawu, osasokoneza anzanu oyandikana nawo."

"Ndi zimene sindikufunazo. Ndipatseni wamwano."

Anayimbitsa itatu yonse. Wachitatu, woyera, unalira kanyimbo kakuthwa mpaka mayi wina amene ankayang'ana mafiriji anatembenuka.

"Umenewo," anatero a Kuramochi.

Chifukwa chake anandiuza tikubwerera, katoni ili pamiyendo panga. Ulendo uno analankhula motsitsa.

"Khoma la pakati pathu ndi pepala, ukudziwa? Ndimakumva ukamatsokomola. Ndimakumva ukamalira Lamlungu masana." Nkhope yanga inatentha. "Usachite manyazi, inenso ndinalira zaka ziwiri. Tamvera. Wanga umayimba hafu pasiti sikisi. Wako uziutchera mphindi khumi pambuyo pake. Ukamva wanga, ndili moyo. Ndikamva wako, uli moyo. Tsiku limene mmodzi sanamve, abwere. Palibe chogogoda m'mawa uliwonse, palibe chofunsana 'mwadzuka bwanji' ngati kuchipatala."

"Nanga kansalu kachikasu kaja?" ndinafunsa. Komiti ya nyumba yathu inkapempha okalamba kuti m'mawa uliwonse azikoleka kansalu pakhonde posonyeza kuti adzuka.

"Kuti akuba onse adziwe kuti muno mukukhala nkhalamba yokhayokha? Akoleke okha a komitiwo."

Kuyambira pamenepo ndinayamba kugona tulo. Madzulo ndinkatsuka mpunga, kuthira madzi mpaka pamzere, kutchera nthawi. M'mawa ndinkadzuka n'kukhala chete pamphasa, kumvetsera khoma. Kanyimbo kawo kankalira. Kenako ndinkamva masilipasi akukhwekhwereza, chivundikiro chikuti khwa, ndiyeno pakapita kanthawi, kabelu ka pakakabati ka omwalira kankalira kawiri, pamene akupereka chipande choyamba kwa a Tokuji. Zinthu zinayi zimenezi zinkabwera motsatana tsiku lililonse. Sindinawauze kuti ndimaziwerenga. Wanga ukayimba, nanenso ndinkapakulira a Noboru mpunga woyera, wa nthunzi.

Sitinkachezerana kwambiri. Nthawi zina ankapachika kathumba ka ndiwo zoviika mumchere pachitseko changa, ine n'kubweza mbale ili ndi malalanje. Tikakumana pamasitepe ankati, "Wamwano wako uja akadali ndi mawu," n'kupitirira.

M'mwezi wa Novembala ndinadwala chimfine chachikulu. Madzulo ndinakwanitsa kutsuka mpunga, koma m'mawa ndinalephera kudzutsa mutu. Ndili chigonere, thupi likuwotcha, ndinamva mphika wanga ukuyimba kukhitchini mosangalala. Kuseri kwa khoma madzi anayamba kutuluka pampopi, a Kuramochi akutsuka mbale zawo. Sanabwere. Akanabwereranji? Anali atamva kuti ndili moyo.

Ndinagona pamenepo mpaka masana, ndikuyang'ana kudenga, ndipo ndinamvetsa. Mphika wotcheredwa madzulo umayimba m'mawa, kaya mwini wake wadzuka kaya sanadzuke. Pangano lathu linkachedwa ndi tsiku lathunthu.

Ndinayenera kuwauza. Ndinakonza mawu ake kangapo. Tsiku lina ndinafika mpaka pachitseko chawo, chala chili pabelu. Koma ndinali yani ine kuti ndikonze munthu amene wagulitsa miphika zaka makumi asanu? Ndinaopanso kuti akaona kuti njirayo ndi yoboola aisiya, ndipo ine ndibwerera ku usiku wopanda tulo uja. Ndinadziuza kuti tsiku limodzi si masabata atatu. Ndinabwerera m'chipinda changa.

Linali Lachisanu la mu Febuluwale, chipale chofewa chitagwa usiku wonse. Ndinadzuka mpweya ukuoneka pakamwa. Hafu pasiti sikisi, kanyimbo ka a Kuramochi kanalira monga mwa masiku onse, ndipo ndinayamba kupinda zofunda.

Ndinaima bulangete lili m'manja. Masilipasi sanamveke.

Ndinayandikira khoma. Chivundikiro sichinalire. Ndinadikira kabelu. Ndinkamva mtima wanga wokha ndi galimoto yochotsa chipale kutali kumsewu.

Mwina kwazizira kwambiri, akufuna kugonako pang'ono. Mwina ali kuchimbudzi. Mwina avala masokosi okhaokha. Zifukwa zinkabwera zokha, zambiri, zonse zomveka. Koma a Kuramochi anali munthu amene ankati mpunga ukapsa uyenera kutakasidwa nthawi yomweyo, apo ayi umagwirana n'kukhala chibuma. Pa miyezi khumi sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi.

Mphika wanga unayimba kumbuyo kwanga ndipo ndinadzidzimuka mpaka kugwetsa bulangete.

Seveni koloko inandipeza ndili chiimire pakhoma. Ndinavala jekete pamwamba pa zogonera n'kutuluka. Nyuzipepala yawo inali ikadali pakabowo ka chitseko. Ndinadina belu kamodzi, mopepuka, ngati ndikupepesa. Palibe anayankha. Ndinadinanso. Ndinaika pakamwa pakabowo ka makalata.

"Kuramochi-san? Ndine Shizue. Pepani kukuvutitsani m'mawa."

M'kabowomo munkatuluka fungo la mpunga wakupsa kumene, ndi mphepo yozizira ngati ya panja. Mbaula yawo ya palafini sinali kuyaka.

Ndinabwerera n'kuwaimbira foni. Ndinaimva ikulira kuseri kwa khoma, kakhumi, kakhumi ndi kasanu. Ofesi ya woyang'anira nyumba, kumene kuli makiyi, imatsegulidwa naini koloko. Ndinagwira foni kuti ndiitane ambulansi, koma dzanja linakana. Ndinaona m'maganizo galimoto ikulira pabwalo, makatani onse akusuntha, amuna a zipewa akuthyola chitseko, ndiyeno a Kuramochi akutuluka m'bafa ndi thaulo kumutu. Ndikanawachititsa manyazi pamaso pa nyumba yonse. Ndikuvomereza kuti ndinataya mphindi zina zisanu chifukwa cha chithunzi chimenecho. Chimene chinachichotsa ndi chithunzi china, cha kanyale ka a Shimoda kakuyaka m'chipinda chotseka.

Ndinatsegula chitseko cha kukhonde. Pakati pa khonde langa ndi lawo pali thabwa lopyapyala, ndipo palembedwa kuti pakabuka ngozi munthu alithyole n'kudutsa. Ndinali nditawerenga mawu amenewo tsiku lililonse poyanika zovala, osaganiza kuti akunena ine. Chiyambire sindinathyolepo chinthu mwadala.

Ndinaliponda koyamba, mwendo unangobwerera. Kachiwiri silipasi inavuka n'kugwera pansi pa nsanjika zitatu. Kachitatu ndinagwira chitsulo cha khonde ndi manja awiri, ndinatseka maso, n'kuponda ndi chidendene. Linasweka ndi phokoso limene linamveka mpaka nyumba ya kutsogolo. Zenera lina linatseguka. Sindinayang'ane. Ndinakwawa pabowopo, chipale chikulowa m'mawondo.

Chitseko chawo chagalasi sichinali chokiya. Ankati wakuba wokwera nsanjika zitatu kudzaba epuloni ayenera kupatsidwa tiyi.

Ndinayamba kuona mapazi. Anali atagona chammbali pansi pakhitchini, atavala zovala za dzulo, mwendo umodzi utapotokera kunja mosayenera. Dzanja lamanja linali litatambasuka kulunjika pakhoma, pamene chingwe cha mphika chimalowa m'magetsi. Pakati pa zala zawo ndi chingwecho panatsala mpata wosakwana chikhatho. Pamwamba pawo, pashelefu, kanyale ka mphika kankayaka.

Ndinagwada. Tsaya lawo linali lozizira ngati mwala. Ndinaitana dzina lawo, sindikudziwa kangati, ndipo sindinadziwe kuti mawu anga angakwere choncho. Chikope chimodzi chinasuntha.

Ndinaimbira a ambulansi, ndinatchula nambala ya chipinda molakwitsa n'kukonza. Ndinakoka zofunda zonse zimene ndinapeza n'kuwafunditsa, ndinayatsa mbaula, ndinatsegula chitseko cha kutsogolo. Kenako ndinagona pansi pomwepo n'kuwakumbatira kumsana, chifukwa mayi wa pafoni anati ndisawasunthe koma ndiwafunditse. Milomo yawo inkayenda. Ndinayandikitsa khutu.

"Mpunga," ananong'ona. "Takasa. A Tokuji sanadye."

Pamene anthu a ambulansi amakwera masitepe, ine ndinali nditapakula chipande choyamba m'kambale, n'kuliza kabelu kawiri.

Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Anawachita opaleshoni, ndipo patapita masiku asanu anandilola kuwaona. Pabedi lija ankaoneka ochepa ngati mwana. M'mphuno munali kapaipi, ndipo chifuwa chinkalira akamapuma. Namwino anandiuza panja kuti kuzizira kwa usiku uja kunalowa m'mapapo.

"Wabwera, wothyola nyumba," anatero. "A komiti akuti chiyani za thabwa lawo?"

"Akuti aika lina."

"Akanakupatsa mendulo."

Anandiuza mmene zinachitikira, akupumira pakati. Madzulo aja atatsuka mpunga n'kutchera nthawi, anaterereka pa madzi amene anadontha pansi. Atatsitsimuka kunali kutada, ndipo mbaula inali itazima yokha.

"Bwanji simunandiitane? Khoma lija ndi pepala, munanena nokha."

"Usiku? Kudzutsa munthu? Ndinati ndipirire kuche, Shizu-chan sakamva mphika abwera. Ndinadzitama kuti ndine wanzeru." Anatsokomola nthawi yaitali. "Kenako ndinakumbukira kuti ndautchera kale. Ndinayesa kukuwa, mawu anali atapita ndi kuzizira. Ndiye ndinayamba ulendo wopita kuchingwe kuti ndikachizule. Mapazi atatu okha, Shizu-chan. Ndinayenda usiku wonse. Ndinaumva ukuyamba kuwira pamwamba panga, ndikuupempha kuti ukhale chete. Zaka makumi asanu ndikuuza akazi kuti ubwino wake ndi woti umaphika mwini wake ali gone."

Pamenepo ndinawauza za Novembala. Ndinawauza kuti ndinadziwa, kuti ndinafika pachitseko chawo n'kubwerera. Ndinalankhula ndikuyang'ana manja anga, ndikudikira kuti andikalipire.

Sanandikalipire. Kenako anafunsa, "Nanga unadziwa bwanji kuti ndagwa?"

"Kabelu sikanalire."

"Umamvetsera kabelu kanga?"

"Ndi masilipasi. Ndi chivundikiro."

"Kazitape," anatero, ndipo anaseka mpaka namwino anasuzumira. Atapezanso mpweya nkhope yawo inasintha. Anayang'ana kudenga.

"Chipinda 305 chikhala chopanda munthu kwa kanthawi. Usanditsutse, ndikudziwa kulira kwa chifuwachi, a Tokuji ankalira chomwechi. Ndiye iwe akumvetsera ndani?"

Funso limenelo ndinali nditagona nalo masiku asanu. M'mawa uliwonse mphika wanga unkayimbira khoma lopanda munthu.

"Mbali inayo, mu 307, muli a Minagawa," anapitiriza. "Aja oyenda ndi ndodo, osalankhula ngati iwe. Ali ndi mphika wa maginito wa makapu asanu, mphatso ya mwana wawo, waukulu kuposa mmene akufunira. Koma mawu uli nawo."

"Sindinalankhulepo nawo."

"Ndikudziwa. Nonse awiri mungafe mukuweramirana pamasitepe."

Namwino analowa kudzanena kuti nthawi yatha. Ndinaimirira, ndinawerama, ndinati ndibweranso Lolemba. Lolembalo anali atawasamutsira kuchipinda kumene salola alendo, ndipo anamwalira sabata yotsatira, masana, namwino ali pambali pawo. A Minagawa ndinapita kukawaona tsiku lomwelo limene ndinachokera kuchipatala, ndisanavule n'komwe jekete, chifukwa ndinadziwa kuti ndikangokhala pansi sindipita. Masiku ano miphika yathu imayimba mochedwerapo, cha m'ma hafu pasiti seveni, popeza aliyense amayamba wadzuka.

Koma tsiku lija, ndili pakhomo la chipinda cha chipatala, anandiitana ndi kamawu kotsalira.

"Shizu-chan. Zotchera nthawi uzisiye. Uzidina batani m'mawa ndi chala chako, mphika uziyimba zoona. Ndipo kwa a Minagawa usakagogode ngati mbewa. Ukagogode ngati mmene unapondera thabwa lija."